A Ndau ndi Kalasi Yanga ya Pansi pa Kachere

Chikondi ndi Mphatso, ana anga, za kubadwa ndi kukula kwanga ku Mlangeni ndinakuuzani kale kambirimbiri, sindibwerezanso. Pano ndikufuna ndilembe za mmene ndinayambira ntchito ya uphunzitsi, ndiponso za munthu mmodzi amene simunamudziwe bwino, koma ine ndimamukumbukira kuposa mabwana onse amene ndinagwira nawo ntchito mpaka kupuma kwanga.

1994

Chaka chimenecho boma latsopano la zipani zambiri linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Aphunzitsi anachepa, choncho anayamba kulemba ntchito aliyense wokhala ndi satifiketi ya kusekondale. Yanga ya Fomu 2 inali itagona m'sutikesi zaka zambiri ine ndikulima kachewere ndi bambo anu. Anatiphunzitsa masabata ochepa chabe, kenako anatimwaza. Ine ananditumiza kusukulu ina yaing'ono kudera la Champiti. Iwe Mphatso unali kumsana. Iwe Chikondi ndinakusiya ndi bambo ako, ndipo unalira kutsatira basi mpaka fumbi linakubisa.

Aphunzitsi aakulu a pasukuluyo anali a Kachale, munthu wamfupi, wofatsa, wosakonda mikangano. Anandilandira pakhomo pa kaofesi kawo nati, "Mayi, takulandirani. Nyumba ya aphunzitsi palibe, choko chilipo chochepa, mabuku tikudikira. Kalasi yanu ndi iyo." Ndinayang'ana komwe ankalozako. Kunali mtengo wa kachere, pansi pake pali ana osawerengeka. Ena anali aang'ono kwambiri, ena atabereka ang'ono awo, ena anyamata a mawu aakulu amene anangosiya ng'ombe kudambo n'kubwera kudzayamba Sitandade 1. Bolodi linali chitseko chakale chopakidwa makala, chotsamiritsidwa kumtengo.

Malo ogona anandipezera kwa mayi Eneti, mayi wamasiye wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu, amene anali ndi kanyumba kopanda munthu kuseri kwa nyumba yawo. Pakhomo pomwepo pankakhalanso bambo awo, a Ndau, nkhalamba yaitali yowonda, ya maso oyamba kuchita ng'ala. Ankavala jekete yotuwa yakalekale, yomanga mabatani mpaka m'khosi ngakhale kutentha, ndipo ankayenda ndi ndodo yansungwi.

Masabata oyambirira ndinkangokuwa. Ndikati "a", akutsogolo ankayankha, akumbuyo akumenyana, ena akutola tizipatso ta kachere. Pofika Lachisanu mawu anga ankakhala atatheratu. Tsiku lina madzulo ndikutongola chimanga pakhonde, a Ndau anandipatsa moni, ine n'kuyankha monong'ona.

"Aphunzitsi, mawu mwawasiya kuti?" anafunsa.

"Atsala pansi pa kachere, agogo."

"Ana alipo angati?"

"Sindinamalize kuwawerenga. Tsiku lililonse akuwonjezereka."

"Ndipo mukulankhula nawo onse nthawi imodzi?"

Nditavomera, anapukusa mutu nati mawa adzabwera adzaone. Mayi Eneti ndiwo anandiuza pambuyo pake kuti bambo awowo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni m'mudzimo nthawi ya atsamunda, kuyambira nkhondo yachiwiri ya azungu ili mkati, ndipo amuna ambiri a imvi a m'deralo anadziwira kuwerenga kwa iwo.

M'mawa mwake anabweradi, atapukuta nsapato. Sanakuwe ngakhale kamodzi. Anangoima kutsogolo, nakweza ndodo m'mwamba, nadikira. Akutsogolo anakhala chete, chete ujayo n'kumafalikira chakumbuyo mpaka ndinamva mbalame mumtengo. Anasankha ana aakuluakulu nawatcha amonitala, aliyense n'kumupatsa kagulu kake. Anawauza athyole masamba asese pansi, akhale m'mizere, ndipo mwana aliyense asalaze dothi la patsogolo pake ndi chikhato. "Ilo ndiye buku lako," anatero. "Chala ndiye cholembera. Ukalakwitsa, fufuta, dothi silitha." Zilembo ankaziphunzitsa moimba, ba be bi bo bu, gulu ili likufunsa, gulu ilo likuyankha, ngati akazi pamtondo. Masamu tinkachita ndi zitsononkho ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Mwezi usanathe, ana amene sankadziwa kugwira kanthu anali akulemba mayina awo pansi, ena n'kumakana kufufuta poweruka kuti amayi awo adzaone.

A Kachale anakondwa. Anati bola alangizi a zamaphunziro akabwera ndidziwiretu, a Ndau akhale kaye kunyumba, popeza sanali m'kaundula wa boma.

Chimene ndimachisowa kwambiri lero ndi madzulo a nthawi imeneyo. Tikaweruka, ine ndikuyamwitsa iwe Mphatso, a Ndau ankandisimbira za sukulu yakale. Ankati nyumba ya sukulu inali yomweyo ya mapemphero, ya mitengo ndi dothi, mipando yake youmba ndi dothi lomwelo, ndipo Lachisanu atsikana ankazira pansi. Belu linali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo. Sukulu inkayenda bwino anthu akakolola, koma mvula ikagwa ana ankathera kumunda ndi kubusa, mphunzitsi n'kumayenda khomo ndi khomo kuwapempha. Tsiku linkayamba ndi pemphero ndi katekisimu, kenako kuguba pabwalo, kenako kuwerenga ndi masamu. Masileti anali ochepa, ankalandira okhawo amene apambana kulemba m'dothi, ndipo mwana wopatsidwa sileti ankayenda nalo ngati wanyamula dzira. Chingerezi kumudzi kunalibe. Ofuna Chingerezi ankayenera kupita kusukulu ya kumishoni, kutali, ndipo opitako anali ochepa, atsikana ndiye osanena. Mphunzitsi yemweyo Lamulungu ankalalikira, maliro ankayendetsa, kalata za amuna a ku Joni ankawerengera akazi awo.

"Nanga mzungu ankabwera?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ankabwera kamodzikamodzi, panjinga, wonyamula katundu wake akuthamanga pambuyo. Ankayamba kuona zikhadabo za ana, kenako mano, kenako zilembo. Akapeza cholakwika sankadzudzula mwana, ankadzudzula ine, ana akumva. Tsiku limenelo ndinkadya mochedwa."

Ankanena zimenezi mopanda mkwiyo. Nthawi zina ankaseka, manja ali pandodo.

1995

Chaka chotsatira kunabwera makope ochepa ndi mapensulo. Makope tinkawadula pakati, mapensulo tinkawathyola kuti akwanire. Ana anachoka m'dothi n'kuyamba kulemba papepala, atatsamiritsa pabondo. A Ndau maso anali atafooka kwambiri, ndiye ankayenda m'mizere akugwira dzanja la mwana aliyense kuti amve mmene wagwirira pensulo.

M'kalasimo munali kamtsikana kena dzina lake Lute, kakang'ono, kamanyazi, koma kakuthwa mutu. Kankalemba ndi dzanja lamanzere. A Ndau atazindikira, anachotsa pensulo naiika kudzanja lamanja. Atangodutsa, Lute anaibweza. Tsiku lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ine ndili kugulu lina, ndinamva kulira kwa ndodo. Nditatembenuka ndinaona Lute atafumbata dzanja pamimba, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. A Ndau anali atamumenya pa mfundo za zala, ndipo anamumenyanso ine ndikuona. Zala zinatupa. Ana onse anangoti zii, koma sanali chete uja wa tsiku loyamba.

Lute sanabwere mawa lake, ngakhale sabata yotsatira. Anzake ena aang'ono a m'mudzi mwawo nawonso anayamba kujomba. Ndinapita kwawo kwa Lute Loweruka. Atandiona patali anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi ake anachita kumukoka. Ndinagwada kuti tifanane msinkhu, ndinamufunsa chifukwa chake sakubwera. Anabisa dzanja kumbuyo nati, "Dzanja langa ndi loipa." Amayi ake anati, "Aphunzitsi, musavutike. Ife sitinaphunzire, tili moyo. Azindithandiza kulera mwana."

Lolemba ndinakalowa muofesi ya a Kachale. Ndinawakumbutsa kuti kumaphunziro kuja anatiuza kuti nthawi yomenya ana inatha, ndipo ndinawapempha kuti alankhule ndi a Ndau. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Mayi," anatero, "munthu ameneyo anaphunzitsa bambo anga. Ine pakamwa panga sipangatuluke mawu omudzudzula. Munawaitana ndinu, kalasi ndi yanu. Chimene mungachite, ine ndidzavomereza."

Ndinatuluka muofesimo. Ganizirani, ana anga. Munthu ameneyu ndiye anandiphunzitsa ntchito pamene boma linangonditaya pansi pa mtengo. Ndinkagona m'nyumba ya mwana wake, iwe Mphatso unkasewera pamiyendo pake. Ndipo ndinkadziwa kuti kuyambira pamene anayamba kubwera kusukulu, nkhalambayo inali itatsitsimuka: inkadzuka m'mamawa, inkameta ndevu, inkadya bwino. Mayi Eneti anali atandiuzapo kuti, "Mwatibwezera bambo athu." Koma ndinkaonanso Lute atabisa dzanja kumbuyo.

Ndinaganiza zoyamba ndawapempha a Ndau. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Agogo, Lute wasiya sukulu."

"Abwera. Mwana amaiwala."

"Sakubwera. Akuti dzanja lake ndi loipa. Ndimati ndikupempheni kuti ndodo ija izingokhala yoyendera."

Anatambasula dzanja lawo lamanzere nalitembenuza. "Aphunzitsi, mukuliona ili? Inenso ndinabadwa wamanzere. Mphunzitsi wanga analimanga kumbuyo ndi luzi mpaka lamanja linaphunzira. Ndinalira, inde. Koma nditapita kumishoni, zolemba zanga ankazionetsa kwa ena kuti atengerepo chitsanzo. Mwana wolemba ndi manzere mawa adzapereka chinthu kwa apongozi ake ndi manzere. Mudzamuthandiza ndinu?"

"Nthawi inasintha, agogo. Masiku ano amaloledwa."

"Nthawi imasintha, mwana sasintha. Mtengo umawongoledwa uli waung'ono. Akabwera mawa n'kugwiranso ndi manzere, ndidzateronso, chifukwa ndimamufunira zabwino."

Ndinadziwa kuti sakunama. Sanali munthu wankhanza, ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ndinayang'ana pansi, ndipo mawu amene ndinanena ndimawamvabe mpaka lero.

"Ndiye ndikupempha kuti musabwerenso kukalasi, agogo."

Nkhuku zinali zikulowa m'khola, mayi Eneti atasiya kupeta kuti amve. Kenako a Ndau anati, "Kalasi ndi yanu, aphunzitsi. Ndamva." Anadzuka nalowa m'nyumba.

Ndinkayembekeza kuti andiuza ndisamuke, moti ndinayamba kufunsafunsa nyumba ina. Mayi Eneti anakhala masiku osandiyankhula bwino, ndipo kuchitsime akazi ankati kamphunzitsi kosaphunzira ntchito kathamangitsa mwini sukulu. Koma a Ndau atamva kuti ndikufuna nyumba anatuma mwana wawoyo kudzandiuza kuti nkhani ya kusukulu ndi ya kusukulu, ya pakhomo ndi ya pakhomo, ndisapite kulikonse. Ndinakhala. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha mwaulemu, basi. Nkhani za madzulo zija zinatha. Jekete anasiya kumanga mabatani. Kukalasi ntchito inandikulira, masiku ena ndinkakuwanso ngati kale, koma amonitala, nyimbo ndi mitolo ya timitengo zinandigwira dzanja. Lute ndinachita kukamutenga ndekha m'mawa kangapo, mpaka anazolowera kubweranso yekha.

1997

M'zaka zimenezo ndinkapita kukoleji ya aphunzitsi nthawi ina, nthawi ina ndili kukalasi, mpaka ndinakhala mphunzitsi weniweni. Kenako kunabwera uthenga woti ndasamutsidwira ku Kasinje, kuchigwa. Nditawauza a Ndau, anati, "Musanapite mundiperekeze kwinakwake. Ndekha sindingafike."

Tinapita Loweruka m'mawa, iwo atagwira phewa langa popeza maso anali atatheratu. Tinadutsa minda ya chimanga chouma, tinawoloka kakhwawa, tinakwera kachitunda. Ankanditsogolera ndi pakamwa: apa pakhale mwala waukulu, apa tikhotere kumanja. Pamwamba pake panali khonje wobzalidwa mozungulira, pakati pali kamtumbira ka dothi lofiira kokula ngati malo a nyumba, komera tsekera.

"Tafika?" anafunsa. Nditawafotokozera zomwe ndikuona anati, "Ndi pompano. Khonjeyu tinabzala ndi ana kuti mbuzi zisalowe."

Anayenda pang'onopang'ono akugogoda ndi ndodo, nandionetsa pamene panali khomo la sukulu yawo yakale ija, pamene ankaima iwo, mbali ya anyamata ndi kambali kakang'ono ka atsikana. Kenako anakhala pamwala nandiuza nkhani imene anali asanandiuzepo. Anati ali kumishoni anakhoza bwino, ndipo ankafunitsitsa kupitiriza maphunziro kuti adzakhale wothandiza dokotala. Mzungu woyang'anira sukulu anawaitana nawauza kuti kumudzi kwawo kulibe mphunzitsi, ndipo zimene aphunzira zakwanira munthu wa kumudzi. Anawapatsa Baibulo, bokosi la masileti ndi jekete, nawatumiza kuno.

"Ndinakwera chitunda chino ndikulira," anatero. "Ndinali mnyamata. Koma m'mawa mwake nditamenya khasu, ana anabwera, ena ovala kansanza m'chiuno basi. Atayamba kuimba zilembo, ndinaiwala zachipatala. Sindinaiwale zonse, ayi. Koma ndinakhala."

Mphepo ya mwezi wa Juni inkawomba, ndinawafunditsa chitenje changa pamapewa. Tinakhala choncho kanthawi. Kenako anafunsa, nkhope atalozetsa kutsogolo.

"Kamtsikana kaja kakulemba?"

"Kakulemba, agogo. Kali Sitandade 3."

"Ndi dzanja liti?"

"Lamanzere."

"Zilembo zake n'zowongoka?"

"Zowongoka bwino."

Anagwedeza mutu pang'ono. Sananene kuti ndinakhoza, inenso sindinanene kuti ndinalakwa. Pobwerera anandisimbira nkhani njira yonse ngati kale, za ana amene anadzakhala makalaliki, za ena amene anapita ku Joni osabwerako, za chaka cha njala pamene sukulu inatsekedwa. Ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuti tisafike msanga.

1998

Ku Kasinje moyo unali wina. Kunkatentha, udzudzu unali wambiri, ndipo nthawi yowokera mpunga ndi yoingitsa mbalame theka la kalasi linkakhala kudimba. Aphunzitsi aakulu a kumeneko anali mayi wolimba mtima amene ankafuna chilichonse chilembedwe m'mapulani, koma atandiona ndikuphunzitsa ana kulemba m'dothi choko chitatha, anatuma aphunzitsi ena achinyamata kudzaonera. Akandifunsa komwe ndinaziphunzira ndinkati ku Champiti, kwa mphunzitsi wa nthawi ya atsamunda. Ena ankaseka, kuyesa nthabwala.

Ndinalonjeza kuti ndidzapita kukawaona a Ndau patchuthi. Tchuthi choyamba iwe Chikondi unadwala malungo. Chachiwiri tinali kukumba kachewere ku Mlangeni. Mvula ya chaka chimenecho ili pakati, mitsinje itadzaza, munthu wina wogulitsa nsomba panjinga anandiuza pamsika kuti kumtunda kwamwalira mphunzitsi wakale wosaona uja, ndipo anaikidwa kale sabata yatha. Uthenga anatumiza, koma wotumidwayo analephera kuwoloka. Madzi ataphwa ndinapita kukapepesa. Mayi Eneti anandiperekeza kumanda, tinakhala pansi pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinali ndi mafunso ambiri amene ndinkasunga kuti ndidzawafunse: mmene ankaphunzitsira kugawa, mmene ankachitira ndi mwana wachibwibwi, nyimbo ina ya miyezi ya pachaka imene anangondiimbira kamodzi ine osaigwira. Mayi Eneti sankaidziwa. Ndafunsa anthu ambiri okalamba kuchokera pamenepo, palibe amene amaikumbukira yonse.

Nditapuma ntchito

Kuchoka ku Kasinje ndinaphunzitsanso sukulu zina ziwiri, ndipo ndinamalizira kwathu kuno ku Mlangeni, m'kalasi ya njerwa ndi malata, ya madesiki. Za kumeneko ndi zambiri, koma si za mutu uno. Lute ndinamva kuti anafika Sitandade 8, anakwatiwa chakumpoto kwa boma lino, ndipo ndi mlembi wa gulu la amayi kumpingo kwawo. Sindinaonane nayenso.

Funso loti kodi ndinachita bwino tsiku lija silindivuta. Mwana wina akanamenyedwanso, ndipo ndikanakhala nditavomereza. Chimene chimandiwawa ndi madzulo onse aja amene tinakhala pakhomo limodzi, iwo pakhonde lawo, ine pa langa, aliyense ali chete, pamene nkhani zinali zisanathe.

Chaka chatha ndinakwera minibasi mpaka ku Champiti, ndekha. Mayi Eneti anamwalira kale, pakhomo paja pakukhala adzukulu amene sanandizindikire. Ndinawoloka kakhwawa kaja, ndinakwera chitunda ndikupumira m'njira, popeza mawondo anga si akale. Pamwamba ponse ndi munda tsopano. Khonje anazula, kamtumbira anakasalaza, mizere ya chimanga yangodutsa kuchokera uku mpaka uko. Ndinapeza bambo wina wachinyamata akupalira, ndinamufunsa ngati akudziwa pamene panali sukulu yakale ya mishoni.

"Sukulu, amayi? Pano? Sindinamvepo. Munda uwu ndi wa amalume anga."

Ndinamupempha kuti andilole ndilowe pang'ono, iye anavomera napitiriza ntchito yake. Ndinayenda m'mizeremo kufunafuna mwala umene anakhalapo a Ndau, koma miyala inali yambiri, yonse younjikidwa m'malire. Ndinasankha malo amene mtima unandiuza, ndinavula nsapato, ndinaima pamenepo nthawi yaitali, osadziwa ngati ndaima m'kalasi kapena kunja kwake.